Buku la mitundu ya dothi la Munsell poyeza malire a dambo nyumba zisanamangidwe

Mkangano waukulu pa chilolezo chomanga nyumba pafupi ndi dambo umakhala pa mzere umodzi wokha: kodi damboli lathera pati? Womanga amafuna mzerewo utsikire kumunsi kuti mapuloti achuluke, oteteza chilengedwe amafuna ukwere kumtunda, ndipo wopereka chilolezo amafuna umboni woti angathe kuusayinira ndi mtima umodzi. Chovuta n'chakuti oyeza malo nthawi zambiri amafika m'chilimwe, madzi ataphwa, udzu utauma, malo onse ali gwa ngati pamtunda. Pa nthawi ngati imeneyo dothi ndi limene limakhala litasunga mbiri ya madzi, ndipo chida chimene akatswiri a dothi m'mayiko ambiri amawerengera mbiriyo ndi Munsell Soil Color Charts. Pa ntchito imeneyi ndi chida chodalirika kwambiri, koma chili ndi pofookera pake, ndipo pofookerapo ndi pamene madambo ambiri amatayikira.

Ndi kabuku kokwana m'chikwama, ka chikuto cholimba chokhala ndi mphete zachitsulo, moti tsamba lililonse limatha kuchotsedwa n'kubwezeredwa. Pamasambapo anamatapo tizigamba ta utoto topitirira 400, ndipo pakati pa tizigambato pali timabowo tozungulira. Mumaika kachibuma ka dothi kuseri kwa tsamba, n'kumakasuntha pa timabowoto mpaka mutapeza kachigamba kofanana nako. Kasanjidwe ka mitunduyi anakayambitsa Albert Munsell, mphunzitsi wa zojambulajambula wa ku Boston, m'chaka cha 1905, ndipo pambuyo pake akatswiri a dothi a boma la America anakatenga kukhala muyezo wawo. Masiku ano bukuli limapangidwa ndi kampani ya X-Rite. Limene linakonzedwanso mu 2009 lili ndi tizigamba totha kupukutidwa ndi kansalu konyowa, ndipo kwa munthu wogwira ntchito m'matope kusintha kumeneku n'kwaphindu, chifukwa kachigamba kothimbirira kamapereka yankho labodza.

Mtundu uliwonse umalembedwa m'zigawo zitatu, mwachitsanzo 10YR 5/2. Chigawo choyamba, 10YR, amachitcha hue, ndipo ndi dzina la tsamba lonse. Chimanena ngati dothi lapendekera kofiira kapena kwachikasu. Masamba amayambira kofiira, monga 10R, n'kudutsa 2.5YR, 5YR, 7.5YR ndi 10YR mpaka kufika pa 2.5Y ndi 5Y. Nambala ya 5 ndi value, kutanthauza kuda kapena kuyera kwa dothilo: 2 ndi lakuda bii, 8 ndi loyererako. Nambala yomalizayo ndi chroma, kukolera kwa mtunduwo. Chroma ya 1 kapena 2 ndi dothi lotuwa ngati phulusa, pamene 6 kapena 8 ndi mtundu wokolera ngati wa njerwa yootcha. Palinso masamba awiri otchedwa Gley 1 ndi Gley 2, a dothi lotuwa lopendekera kobiriwira kapena kwa buluu, limene limapezeka pamalo a lowe lenileni. Poyeza dambo, nambala yomaliza ija ndi imene imalamula kwambiri.

Chifukwa chake chili m'dothi momwemo. Kufiira ndi chikasu cha dothi lapamtunda ndi dzimbiri la ayironi limene lakuta timchenga ndi dongo. Madzi akadzaza timipata tonse ta m'dothi n'kukhalitsa, mpweya sulowanso, ndipo mabakiteriya odya zowola amamaliza okosijeni wotsalayo. Akatero, m'malo mwa okosijeni amatembenukira ku michere ina ya m'dothi: nitrate, kenako manganese, kenako ayironi. Ayironi akasinthidwa ndi mabakiteriyawa amasungunuka m'madzi n'kuyenda nawo, ndipo timchenga tija timatsala pambalambanda, totuwa. Madzi akatsika, mpweya umayamba kulowera m'ming'alu ndi m'njira za mizu, ndipo pamenepo ayironi amachitanso dzimbiri n'kusiya mawanga ofiira kapena achikasu m'kati mwa dothi lotuwalo. Mukathyola chibuma cha m'mphepete mwa dambo, mumaona kamuzu kopyapyala ngati ulusi katazunguliridwa ndi kamkombero ka dzimbiri, kwinako kuli phulusa lokhalokha. Zizindikiro zimenezi zimatenga zaka kuti zipangike ndipo sizifufutika ndi chilimwe chimodzi. Pamalo ponyowa chaka chonse mabakiteriya amafika pa mchere wina wotchedwa sulfate, ndipo dzenje likangokumbidwa limatulutsa fungo la dzira lowola.

Ubwino waukulu wa bukuli ndi woti limasandutsa mawu oti "dothi lotuwako" kukhala nambala imene munthu wina angathe kukaitsimikiza pa dzenje lomwelo. Ku America, kumene kukwirira dambo kumayendetsedwa ndi gawo 404 la lamulo la Clean Water Act, bungwe la Army Corps of Engineers linakhazikitsa mu 1987 kuti dambo lizitsimikizika ndi maumboni atatu: zomera za m'madzi, dothi la lowe, ndi madzi enieniwo. Pa dothi, chizindikiro chimene chimagwiritsidwa ntchito kwambiri pa dothi la dongo ndi chakuti magawo 60 pa 100 alionse a mtanda wa dothi, kutanthauza gawo la dothi loyalana ndi ena pakhoma la dzenje, akhale ndi value ya 4 kapena kuposa ndi chroma ya 2 kapena kutsika. Mtanda umenewo uyenera kukhala wochindikala masentimita 15 ndipo uyambire pasanapitirire masentimita 25 kuchokera pamwamba, kapena wochindikala masentimita 5 ngati wayambira m'masentimita 10 oyambirira. Dothi la 4/1, 4/2 ndi 5/2 limafunikanso mawanga oonekera bwino osachepera magawo 2 pa 100, pamene 5/1, 6/1 ndi 6/2 limakwana ngakhale popanda mawanga. Ku South Africa, malangizo a unduna wa zamadzi a 2005 amayang'ana masentimita 50 oyambirira, ndipo amagawa dambo patatu: ponyowa chaka chonse, ponyowa nyengo ya mvula, ndi ponyowa kwa kanthawi. Malire a dambo ndi m'mphepete mwakunja mwa gawo lachitatuli. Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma ambiri amayankhula m'manambala a Munsell, ndipo chifukwa chachikulu chogulira bukuli ndi chimenechi.

Kagwiritsidwe kake kolondola kamayambira pa mzere woyenda kuchokera pakati pa dambo kukwera kumtunda, modula mtsetse. Yambani pamene palibe amene angakane kuti ndi dambo, pomera bango, njedza kapena mlulu, kuti muone maonekedwe a dothi la lowe la malo amenewo. Kumbaninso pamtunda poonekeratu, kenako muzichepetsa mpata pakati pa maenje awiriwo mpaka mutapeza pamene dothi lasinthira. Pamtsetse wotsika pang'onopang'ono mungafunike maenje asanu kapena asanu ndi limodzi pa mzere umodzi, pamene pa gombe lotsetsereka awiri amakwana. Dzenje la fosholo lozama masentimita 50 limaposa chobowolera cha auger, chifukwa auger imapotokola dothi n'kusakaniza mitanda. Auger ndi yabwino pofufuza msanga pakati pa maenje, koma mitundu yolemba m'lipoti ichokere pa chibuma chosasokonezeka. Dulani chigawo cha dothi kuchokera pakhoma la dzenje, chigonekeni pansi, ikani tepi yoyezera pambali pake, ndipo lembani pamene mtanda uliwonse wayambira ndi pamene wathera.

Powerenga mtundu, thyolani chibumacho ndi manja kuti muone nkhope yatsopano. Osachifikisa ndi chala, chifukwa mukasakaniza mawanga ofiira ndi dothi lotuwa mumapeza mtundu wapakati, monga 10YR 5/3 kapena 5/4, umene mulibemo m'dothilo, ndipo dambo limalembedwa ngati mtunda. Dothi liwerengedwe lili lachinyezi. Louma limaoneka loyera kuposa mmene lilili, nthawi zina ndi sitepe imodzi kapena ziwiri za value, choncho lipopereni madzi pang'ono ndi kabotolo mpaka litasiya kusintha mtundu. Lonyowa kwambiri limanyezimira, ndiye lidikireni kunyezimirako kuthe. Imani dzuwa lili kumbuyo kwanu, likuwalira pa tsamba podutsa paphewa, ndipo vulani magalasi a dzuwa. Kuwala kwa m'mamawa ndi kwa madzulo kumafiiritsa chilichonse, pamene mthunzi wa mitengo umabiriwiritsa. Yambani ndi tsamba la 10YR, pezani value ndi chroma, kenako yesani masamba oyandikana nalo kuti mutsimikize hue. Mtundu wa thupi la dothi, kutanthauza mbali yaikulu ya chibuma kupatula mawanga, ulembedwe pawokha, wa mawanga pawokha, pamodzi ndi kuchuluka kwake. M'bukumo muli zithunzi za timabokosi zosonyeza mmene magawo osiyanasiyana pa 100 amaonekera, ndipo n'zofunika kuzigwiritsa ntchito, chifukwa diso likaona mawanga owala limawachulukitsa.

Dothi lochokera pansi pa madzi liwerengedwe nthawi yomweyo. Lina limatuluka lili lotuwa mwa buluu, loyenera tsamba la Gley, koma pakatha mphindi zingapo lili pamphepo limayamba kusanduka lofiirira chifukwa ayironi wosungunuka uja wakumana ndi mpweya. Kusintha kumeneku pakokha ndi umboni wamphamvu wa lowe, ndipo kulembedwe. Dothi lotengera ku ofesi m'pepala lapulasitiki kuti likawerengedwe mawa limakhala litataya umboni umenewu.

Pofookera penipeni pa bukuli ndi pakati pa chroma ya 2 ndi ya 3. Tizigamba tiwiriti timayandikana kwambiri, dothi lenileni nthawi zambiri limagwera pakati, ndipo mzere wa dambo ungasunthe mamita ambiri malinga ndi mbali imene wowerengayo wasankha. Malangizo a ku America amati dothi logwera pakatipo lilembedwe 2+ ndipo lisawerengedwe ngati 2. Lamuloli limathandiza kuti anthu asamakokere kumene akufuna, komabe diso la munthu ndi limene limagamula. Akatswiri awiri odziwa ntchito akhoza kusiyana ndi kachigamba kamodzi pa chibuma chomwecho popanda wachinyengo pakati pawo. Pa dzenje limene likugamula malire, n'kwanzeru kuti anthu awiri awerenge aliyense payekha asanauzane. Amene apatsidwa ntchito imeneyi ayezedwenso maso, chifukwa vuto losasiyanitsa kufiira ndi kubiriwira limapezeka mwa amuna ambiri ndithu, ndipo ena sadziwa n'komwe kuti ali nalo.

Palinso mitundu ya dothi imene bukuli limaiwerenga molondola koma yankho lake n'kukhala losocheretsa. Makande akuda ndi chitsanzo choyamba. Zowola zambiri zimaphimba kutuwa ndi mawanga omwe, ndipo mumangopeza 10YR 2/1 kuyambira pamwamba mpaka pansi, kaya ndi pa lowe kaya ndi pouma. Pamenepo muyenera kukumba mopitirira mtanda wakudawo kuti muone chimene chili pansi pake, ndi kufufuza mawanga ang'onoang'ono ndi galasi lokulitsira zinthu. Katondo wochokera ku miyala yofiira kwambiri amakana kutuwa ngakhale atakhala m'madzi nthawi yaitali, moti dambo lenileni likhoza kuonetsa chroma ya 3 kapena 4. Mchenga uli ndi ayironi wochepa ndipo umaoneka wotuwa mwachibadwa, choncho uli ndi zizindikiro zakezake, monga timizere ta zowola totsikira pansi. Dothi limene mtsinje wangoliunjika kumene silinakhale nthawi yokwanira kupanga mawanga. Ndipo pamalo pamene wina anathirapo kale dothi la kwina, zomwe zimachitika kawirikawiri pamalo oyembekezera chilolezo, masentimita 50 oyambirira amanena mbiri ya kumene dothilo linachokera. Zidutswa za njerwa, miyala yosakhala ya pamalopo, ndi mzere wakuthwa pamene dothi lofiira lakhala pamwamba pa lakuda, zikuuzeni kuti mukumbe mpaka mutafika pa nthaka yoyambirira, ndipo muyambire pamenepo kuyeza.

Mbali inayo, dothi limakumbukira ngakhale madzi amene anachoka kalekale. Dambo limene linaphwetsedwa ndi ngalande zaka zambiri zapitazo limakhalabe lotuwa. Mawanga akale a pamalo otere kawirikawiri amakhala olimba ndiponso a m'mphepete mwakuthwa, pamene mawanga a lowe lamoyo amazilala pang'onopang'ono m'mbali ndipo amatsata mizu yamoyo. Pokayikitsa, mankhwala a alpha-alpha dipyridyl amathandiza: mukawadontheza pa dothi lonyowa longokumbidwa kumene, amasanduka ofiirira ngati muli ayironi wosungunuka. Amagwira ntchito pokhapokha dothi lili lokhuta madzi pa nthawiyo, ndipo fosholo yachitsulo ikhoza kuwanamiza, choncho dontho ligwere pa nkhope yothyoledwa ndi manja. Umboni womaliza ndi mapaipi oyezera madzi okwiriridwa pansi. Muyezo wa ku America ndi woti madzi akhale m'kati mwa masentimita 30 kuchokera pamwamba kwa masiku 14 otsatizana m'nyengo yomera mbewu, zaka zisanu mwa khumi zilizonse. Njira imeneyi imadya nthawi, ndipo omanga saikonda, koma pa dothi lovuta ndi imene imathetsa mkangano.

Cholakwika china chofala ndi kuganiza kuti ponyowa kwambiri ndi pamene pali mawanga ambiri. Pakati pa dambo, pamene mpweya sufikapo, dothi limakhala lotuwa lokhalokha, mawanga ochepa kapena osapezeka n'komwe. Mawanga amachuluka pamene madzi amakwera ndi kutsika chaka ndi chaka, ndipo amachepanso mukamayandikira kumtunda. Woyeza wosazolowera amaika chikhomo pamene mawanga achuluka, n'kusiya kunja gawo lonse lonyowa kwa kanthawi, limene ndi lomwe limayamba kulandira madzi ndi matope ochokera kumtunda.

Za mitsinje bukuli limathandiza pang'ono chabe. Gombe la mtsinje nthawi zambiri ndi mchenga wothamangitsa madzi, wopanda chizindikiro chilichonse cha lowe, chonsecho ndi malo oyenera kutetezedwa. Malire ake amapezeka poona pamene gombe lathyokera, pamene zinyalala za madzi osefukira zakodwa m'tchire, pamene mizu yakokoloka, ndi pamene mitengo ya m'mbali mwa madzi yasinthana ndi ya pamtunda. Kakhwawa koyenda madzi m'dzinja mokha n'kosavuta kukalemba ngati ngalande wamba, ndipo kakaikidwa m'paipi, madzi amene ankafika ku dambo mwapang'onopang'ono amafika mwamkokomo n'kukumba chigwembe pakati pake.

Pa zomera zosowa ndiye bukuli silinena kanthu, ndipo apa ndi pofunika kusamala kwambiri, chifukwa lipoti la dothi lolembedwa bwino limapatsa anthu chikhulupiriro chakuti zonse zaonedwa. Ubwino wa dothi ndi woti limawerengeka nyengo iliyonse, koma ubwino womwewo umakopa anthu kuti kafukufuku yense achitike tsiku limodzi la m'chilimwe. Maluwa a orchid omera pansi, monga a mitundu ya Disa, Satyrium ndi Habenaria, amakhala miyezi yambiri ali kachinthu konga mbatata kokwiririka m'dothi, ndipo amaonekera milungu yochepa pa chaka. Tizomera todya tizilombo ta Drosera ndi Utricularia timamera pamene madzi amanyenyera pansi, ndipo tina n'tating'ono moti munthu woyenda chilili amatiponda osationa. Kafukufuku wa zomera ayenera kuchitika pa nthawi ya maluwa a mtundu umene ukufunidwa, kawiri kapena katatu m'nyengo imodzi ngati mitunduyo simasula pamodzi, ndipo wofufuza ayambe waona mndandanda wa padziko lonse wa zamoyo zimene zili pachiopsezo chotha, wotchedwa IUCN Red List, mndandanda wa dziko lake, ndi zolembedwa za kosungira zitsanzo za zomera. Zomera zambiri zosowa zimakhala m'mphepete, pena kunja pang'ono kwa mzere umene dothi lasonyeza. N'chifukwa chake chilolezo chabwino chimasiya mpata wosamangapo kunja kwa mzerewo. Ku South Africa, ntchito zina zomanga m'kati mwa mamita 32 kuchokera m'mphepete mwa mtsinje kapena dambo zimafuna chilolezo chapadera cha zachilengedwe, ndipo kumene kwapezeka chomera chosowa mpata woyenera ukhoza kuposa pamenepo. Malo enieni a zomera zoterezi asalembedwe m'mapepala opita kwa anthu onse, popeza alipo ozikumba kukagulitsa.

Kwa inu amene mumalandira malipoti n'kupereka zilolezo, bukuli limakupatsani poyambira kufunsa. Lipoti lodalirika limakhala ndi maenje awiriawiri, lina m'kati mwa mzere lina kunja, lililonse ndi nambala za GPS, tsiku, kuzama kwa mtanda uliwonse, mtundu wa thupi la dothi, mtundu ndi kuchuluka kwa mawanga, ndi chithunzi cha chibuma chili pambali pa tsamba la Munsell. Lipoti longonena kuti dothi linali lofiirira, kapena limene maenje ake onse ali ndi nambala imodzimodzi, kapena limene maenje ake athera pa masentimita 20, libwezedwe. Mukapita pamalopo ndi buku lanu n'kukumba pambali pa maenje awiri kapena atatu, m'maola ochepa mumadziwa ngati mzerewo uli woona. Mzere ukavomerezedwa ukhomedwe ndi zikhomo zooneka ndi mpanda wosakhalitsa thirakitala isanafike, chifukwa dothi la dambo likapondedwa ndi makina olemera silibwerera msanga mwakale.

Monga katundu wogula, bukuli ndi lodula poyerekeza ndi kukula kwake, ndipo silikhala mpaka kalekale. Tizigamba timazilala ndi dzuwa, ndipo masamba ogwiritsidwa ntchito kwambiri, 10YR ndi 7.5YR, amatha msanga kuposa enawo. Musalisiye lotsegula padzuwa kapena m'galimoto yotentha, lipukuteni ndi madzi okha, ndipo liume musanalitseke kuti masamba asamatane ndiponso mphete zisachite dzimbiri. Ofesi yokhala ndi mabuku angapo isunge limodzi m'kabati losapita nalo kuthengo, lofanizira enawo chaka ndi chaka. Mayina a mitundu olembedwa pa tsamba loyang'anizana ndi tizigamba ndi a Chingerezi ndipo dzina limodzi limakuta tizigamba tingapo, choncho m'lipoti lembani nambala. Tsamba lojambulidwa pa fotokope kapena loonetsedwa pa foni n'losathandiza, chifukwa makina alionse amatulutsa mtundu wakewake. Mapulogalamu a pafoni ndi timakina toyezera mtundu tayamba kupezeka, ndipo timathandiza pa dothi la mtundu umodzi, koma pa chibuma cha mawanga timasakaniza mitundu yonse kukhala umodzi, cholakwika chomwe chija cha kufikisa ndi chala.

Woyeza madambo, wopereka zilolezo, ndi bungwe loteteza chilengedwe limene limafuna kutsutsa lipoti ndi umboni, onsewa ayenera kukhala nalo, ndipo wogula koyamba ayende masiku angapo ndi katswiri wa dothi asanayambe kusayinira malire payekha. Munthu wogula puloti imodzi safunika kuligula. Iye angofunsa amene wamulemba ntchito yoyeza kuti amuonetse mapepala a maenje, komanso mwezi umene zomera zinafufuzidwa.